Utsi wa Chikho cha Dziko Lonse: Nkhani Yagona Poyambira Kuwerenga

Ambiri a ife amene tinali kale kuno ku South Africa m'chaka cha 2010 timaukumbukirabe mwezi uja, kuyambira pa 11 Juni mpaka pa 11 Julayi. Mavuvuzela analira usana ndi usiku, Siphiwe Tshabalala anamwetsa chigoli choyamba ku Soccer City, ndipo enafe tinapezerapo maganyu m'mahotela, m'malesitilanti ndi pa ntchito zomanga. Masewero analipo 64, m'mabwalo 10 a m'mizinda 9. Zimenezo aliyense akuzidziwa. Chimene sichikambidwakambidwa n'chakuti mpikisano umenewu unali ndi bilu ina yosalembedwa m'marandi, ndipo biluyo anaiwerengetsa mpira usanayambe n'komwe.

M'chaka cha 2009 unduna woona za chilengedwe wa dziko lino, mothandizidwa ndi boma la Norway, unatulutsa kafukufuku woyerekeza kuchuluka kwa mpweya wotenthetsa dziko umene mpikisanowu ukanatulutsa. Yankho linali matani 2.75 miliyoni. Nyuzipepala zinailemba nambalayo, koma mitima ya tonsefe inali pa Bafana Bafana. Mwezi uno tati tiitsegule nambala imeneyi tione zili m'kati mwake, chifukwa munthu amene waimvetsa sangapusitsidwe akamva okonza msonkhano, dansi kapena mpikisano akunena kuti zochitika zawo sizinaononge chilengedwe.

Tiyambe tagwirizana pa dzina. Mpweya umene tikunenawu ndi carbon dioxide, pamodzi ndi inzake monga methane. Umatuluka tikaotcha petulo, dizilo, malasha kapena gasi, n'kukaunjikana kumwamba ngati bulangete lofunditsa dziko. Suoneka ndi maso ndiponso sununkha, koma kuti tisamadzilume lilime, m'nkhani ino tizingoti utsi.

Palibe amene amaimika sikelo pa geti la bwalo kuti apime utsi. Amachita kuwerengetsa, ndipo masamu ake ndi a ku pulayimale: kuchuluka kwa chinthu chimene chagwiritsidwa ntchito, kuchulukitsa ndi utsi umene chinthucho chimatulutsa. Lita imodzi ya petulo ikapsa mu injini imatulutsa utsi wolemera makilogalamu pafupifupi 2.3, ya dizilo pafupifupi 2.7. Ana a sukulu afunsa kuti zitheka bwanji poti lita ya petuloyo payokha sikwana n'komwe kilogalamu imodzi. Chinsinsi n'chakuti kaboni wa m'mafutamo amakwatirana ndi oxygen wa mu mpweya wa panja, ndiye kulemera kumaonjezereka. Yuniti imodzi ya magetsi a Eskom imasiya utsi wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi, chifukwa ambiri mwa magetsi amenewa amachokera ku malasha a ku Mpumalanga. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, lisanafike n'komwe pa shopu, limakhala litasiya kale makilogalamu pafupifupi 30 ku fakitale. Ukadziwa zimenezi umangofunsa: abwera anthu angati, achokera kuti, akwera chiyani, agona masiku angati, adya chiyani, ndipo tamanga chiyani kuti tiwalandire? Ukaphatikiza zonsezo nambala yatuluka.

Masamu savuta. Pamene pamavuta ndi pa malire: uyambira pati kuwerenga, ndipo ulekezera pati? Apa ndi pamene pamabisala ukathyali.

Taonani momwe matani 2.75 miliyoni aja anagawikira. Matani 1.86 miliyoni, kapena kuti 67 pa 100 aliwonse, anali a maulendo a alendo kuchokera kumaiko kwawo kudzafika kuno ndi kubwereranso, makamaka pa ndege. Maulendo ochoka mzinda wina kupita mzinda wina anatenga pafupifupi 18 pa 100. Kumbukirani kuti kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Cape Town ndi makilomita 1,400 pa msewu, ndipo timu yako ikasamuka nawenso umasamuka. Magetsi a m'mahotela ndi m'nyumba zogona alendo anatenga 12 pa 100. Nanga magetsi a m'mabwalo, aja owala ngati masana amene ambirife timaganiza kuti ndiwo akudya dziko? Sanakwane ngakhale 1 pa 100. Ndiye kuti pa bwalo penipenipo, pamene pali makamera ndi maso a aliyense, ndi pamene panali utsi wochepa. Utsi wambiri unali wotulukira m'mwamba, pakati pa London, Tokyo, Buenos Aires ndi bwalo la ndege la OR Tambo.

Nambalayi itatuluka, ena anayamba kuyerekeza ndi mpikisano wa 2006 ku Germany, umene anauyamikira kwambiri chifukwa cha ndondomeko yake yotchedwa Green Goal. Anthu a ku Germany anawerenga matani pafupifupi 92,000 okha, n'kulipirira matani 100,000 kudzera m'ntchito zochepetsa utsi ku India ndi kuno ku South Africa. Ukaika 92,000 pambali pa 2.75 miliyoni, ungaganize kuti Africa anachita zauve. Koma Germany inawerenga utsi wa m'kati mwa dziko lake mokha. Ndege zonse zimene zinanyamula anthu kuchokera ku Brazil, Mexico kapena Japan sizinalowe m'bukumo. Zili ngati munthu wowerengera ndalama za ukwati n'kusiya za mayendedwe a akuchimuna ndi akuchikazi, kenaka n'kumauza anzake kuti ukwati wake unali wotchipa.

Tisawachotsere zonse anzathuwo. Anachitadi zinthu zanzeru. Tikiti ya mpira inalinso tikiti ya basi ndi sitima mu mzinda umene mukuseweredwa mpirawo tsiku limenelo, ndipo zakumwa ankagulitsira m'makapu obweza amene munthu ankasiyirapo kandalama ka chikole. Komanso ngakhale titachotsa ndege za kunja, South Africa inatsalabe ndi matani pafupifupi 900,000, chifukwa dziko lino ndi lalikulu, sitima zothamanga pakati pa mizinda kunalibe, ndipo magetsi ndi a malasha. Mfundo yathu ndi yakuti nambala ziwiri sungaziyerekeze usanafunse ngati zinawerengedwa ndi malire ofanana.

Pali mzere wina m'kafukufuku wa 2009 uja umene umatidabwitsa kwambiri. Dziko lino linamanga mabwalo asanu atsopano: Cape Town, Moses Mabhida ku Durban, Nelson Mandela Bay, Mbombela ndi Peter Mokaba ku Polokwane, n'kukonzanso Soccer City pafupifupi yonse. Amene munagwirako ntchito m'malo amenewa mukudziwa kuchuluka kwa simenti ndi zitsulo zimene zinalowa pansi. Komatu pa bilu ija zomangamanga zinangotenga matani pafupifupi 15,000, osakwana 1 pa 100. Zinatheka bwanji? Owerengera anati bwalo silimangidwira mwezi umodzi. Ligwira ntchito zaka zambirimbiri, choncho utsi wake augawe pa zaka zonsezo, ndipo chikho cha dziko lonse chisenze kagawo kake kokha. Papepala zikumveka. Koma funso loona ndi ili: pakanapanda mpikisanowu, kodi bwalo la anthu 40,000 likanamangidwa ku Polokwane kapena ku Mbombela? Ngati yankho ndi ayi, ndiye utsi wonse wa bwalolo ndi wa mpikisanowo. Simenti inapsa kale. Siidikira zaka 50 kuti itulutse utsi wake pang'onopang'ono.

Mpira utatha, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, linawerenganso, ndipo lipoti lake la 2012 linati utsi weniweni unali matani 1.65 miliyoni, wochepa kwambiri kuposa momwe ankayembekezera. Chifukwa chachikulu sichinali luso ayi. Alendo anabwera ochepa. Amene analowa m'dziko muno chifukwa cha mpira anali pafupifupi 310,000, pamene poyamba ankayembekezera opitirira 400,000. Eni mahotela analira, koma chilengedwe chinapumako. Walira mvula walira matope: ukafuna alendo ochuluka ochokera kutali, wafunanso utsi wawo, ndipo palibe kapu yobweza imene ingasinthe zimenezo.

Zimene dziko lino linachita bwino ndi zimene tikuzigwiritsabe ntchito. Mabasi a Rea Vaya anayamba kuyenda pakati pa Soweto ndi m'tauni mu Ogasiti 2009, ngakhale eni matekisi ena analimbana nawo kwambiri. Gautrain inatsegulidwa pa 8 Juni 2010 pakati pa Sandton ndi OR Tambo, kutatsala masiku atatu kuti mpira uyambe, kenaka inafika ku Pretoria mu 2011. Mtengo wa tikiti ya Gautrain ndi nkhani ina, ndipo ambirife timangoiona ikudutsa tili mu tekisi, koma munthu aliyense amene wasiya galimoto n'kukwera sitimayo wachepetsa utsi lero, mawa ndi mkuja, osati mwezi umodzi wokha.

Ku Durban anayesa njira ina imene ikuphunzitsa zambiri. Mzindawu unawerengera gawo lake la utsi n'kupeza matani opitirira 300,000. Mu 2008 unayamba kubzala mitengo yachilengedwe ku Buffelsdraai, kuzungulira malo otayako zinyalala, pamalo pamene kale panali minda ya nzimbe. Anthu a m'midzi yoyandikana ankafesa mbande pakhomo pawo n'kumasinthanitsa ndi chakudya, zipangizo zomangira, njinga kapena fizi ya ana. Ntchito yabwino kwambiri, ndipo nkhalangoyo ilipo. Koma owerengera anati mitengoyo idzameza matani pafupifupi 42,000 pa zaka 20. Utsi wotuluka m'nyengo ya mpikisano umodzi, nkhalango yonse ikufunika zaka 20 kuti imeze gawo limodzi lokha mwa magawo 7. Amene amati “tibzala mitengo” akamaliza phwando ayenera kuilingalira bwino nambala imeneyi.

Tsopano tidumphe zaka 12 tifike ku Qatar mu 2022. Bungwe la FIFA linalengeza kuti mpikisano umenewo ukhala woyamba wa “carbon neutral”, kutanthauza kuti utsi wonse wotuluka udzabwezedwa mwanjira ina mpaka bilu ifike pa ziro. Linawerengera matani 3.6 miliyoni. Bungwe lina la ku Brussels lotchedwa Carbon Market Watch litaunika bukulo linapeza kachitidwe komwe kaja ka mabwalo. Mabwalo 6 atsopano okhalitsa anawawerengera matani pafupifupi 200,000 okha, powagawa pa zaka 60, pamene utsi weniweni womangira ukanatha kufika matani 1.6 miliyoni, kuchulukitsa kasanu n'katatu. Choseketsa n'chakuti bwalo limodzi losakhalitsa lotchedwa Stadium 974, lomangidwa ndi makontena, linawerengedwa lonse, ndipo linaoneka ngati latulutsa utsi woposa mabwalo 6 aja kuwaphatikiza pamodzi. Kuonjezera apo, poti malo ogona ku Doha anali ochepa ndi odula, anthu ambiri ankagona ku Dubai ndi mizinda ina yoyandikana n'kumakwera ndege kupita ku mpira ndi kubwerera tsiku lomwelo. Mu Juni 2023 komiti yoona za chilungamo pa kutsatsa malonda ku Switzerland, kumene kuli likulu la FIFA, inagamula kuti FIFA inalephera kupereka umboni wa mawu ake aja, ndipo inalangiza kuti isawabwerezenso. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pamenepa mpofunika tifotokoze za kubweza utsi kumeneku, chifukwa nkhani yake imafika mpaka kumudzi kwathu. Wokonza mpikisano akalephera kuchepetsa utsi wake amagula ziphaso za kaboni. Chiphaso chimodzi chimaimira tani imodzi imene wina kwinakwake akuti waipewa kapena waimeza. Wina ameneyu nthawi zambiri amakhala mayi wa ku Africa amene wapatsidwa mbaula yosadya nkhuni zambiri, kapena mudzi umene walonjeza kuti sudula nkhalango yake. Ambiri tinaziona mbaula zoterezi pakhomo pa amayi kapena azakhali tikapita kutchuthi. Mbaulazo si zoipa ayi: nkhuni zimachepa, utsi wa m'khitchini umachepa, chifuwa cha mayi chimapumako. Vuto ndi kawerengedwe. Kodi mbaulayo ikugwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, kapena mayi akafuna kuphika nsima ya anthu khumi amabwerera pa mafuwa? Akatswiri a ku yunivesite ya California ku Berkeley anasindikiza kafukufuku mu Januwale 2024 wosonyeza kuti ziphaso za mbaula zimene anaziunika zinakokomeza utsi wopewedwa pafupifupi kasanu n'kanayi. Mu Okutobala chaka chomwecho boma la America linatsegulira mlandu yemwe anali mkulu wa kampani ina yaikulu ya ntchito za mbaula, imene inkagwiranso ntchito ku Malawi, pomuganizira kuti anasintha manambala kuti ziphaso zichuluke. Ku Zimbabwe, ntchito yaikulu yoteteza nkhalango ya Kariba inagwedezeka mu 2023 atolankhani ataulula kuti ziphaso zogulitsidwa zinaposa nkhalango yopulumutsidwa, ndipo kampani ya South Pole imene inkagulitsa ziphasozo inachokamo.

Sitikunena kuti FIFA inagula ku Kariba kapena ku Malawi. Iyo inadalira kwambiri ntchito za magetsi a mphepo ndi a madzi m'maiko ngati Turkey, zimene otsutsa anati zikanamangidwabe ngakhale popanda ndalama ya mpira. Chimene tikunena n'chakuti utsi wa ndege ndi wotsimikizika, unatuluka ndipo uli kumwambako, pamene tani ya pa chiphaso ndi lonjezo chabe. Kusinthanitsa chotsimikizika ndi lonjezo si kufika pa ziro.

Wina anena kuti, ife zikutikhudza chiyani, poti tinabwera kuno kudzasaka ya sopo ndi fizi? Zikutikhudza chifukwa bilu imeneyi amalipira ndi ena. Malinga ndi ziwerengero za World Bank, Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani pa chaka kuchokera ku mafuta, malasha ndi simenti, osawerengera nkhuni, makala ndi ulimi. Munthu mmodzi wokwera ndege kuchoka ku London kubwera ku Johannesburg ndi kubwerera amatulutsa kupitirira tani imodzi, ndipo akakhala pa mipando yodula ya kutsogolo ija, kuchulukitsa pafupifupi katatu. Ulendo umodzi wokaonera mpira ukulingana ndi zaka zoposa 10 za munthu wa ku Phalombe. Koma mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe, n'kukokolola midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, amene anafa kapena kusowa anapitirira 1,000, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Ife kuno tinasonkha ndalama, mabulangete ndi ufa. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu Epulo 2022, madzi osefukira anapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal, m'chigawo chomwecho cha Moses Mabhida. Palibe wanzeru amene anganene kuti mpikisano wakutiwakuti ndi umene unabweretsa Freddy. Koma asayansi amagwirizana kuti dziko likamatentha, mvula ya anamondwe imagwa yochuluka, ndipo utsi suona pasipoti.

Kodi pali amene anachepetsadi, osati kungokonza buku? Masewero a Olympics a ku Paris mu 2024 ndi chitsanzo chabwinoko. Okonza anatenga avereji ya London 2012 ndi Rio 2016, matani 3.5 miliyoni, n'kudziikira malire kuti asapitirire theka lake, ngati momwe banja limaikira bajeti mwezi usanayambe. Pomaliza analengeza matani 1.59 miliyoni. Chachikulu chimene anachita n'kusamanga: 95 pa 100 ya malo ochitira masewero anali akale kapena osakhalitsa. Analumikizanso mabwalo ku magetsi a dziko m'malo moyatsa majenereta a dizilo, ngakhale apa anathandizidwa ndi mwayi wakuti magetsi a ku France ambiri ndi a nyukiliya. Kuno njira yomweyo ikanangosamutsira utsi ku Mpumalanga. Poyamba nawonso ankalankhula mawu akuluakulu ngati a FIFA, koma anawasiya m'njira. Ziphaso anagulabe, zina za mbaula ku Kenya ndi Nigeria, ndipo maulendo a anthu anatengabe pafupifupi theka la utsi wonse. Ndege palibe amene waipezera mankhwala.

Chaka chomwecho ku Germany, pa mpikisano wa Euro 2024, tikiti ya mpira inapatsa munthu maola 36 okwera basi ndi sitima za m'deralo osalipira, ndipo masewero a m'magulu anawakonza kuti matimu asamayende mtunda wautali. M'malo mogula ziphaso kunja, okonza anaika ndalama zokwana 7 miliyoni ya ma euro m'thumba lothandiza matimu ang'onoang'ono a m'madera kuika magetsi a dzuwa ndi zina zotero. Njira imeneyi ikutikomera chifukwa siinamiza munthu kuti utsi wafufutika.

FIFA yokha ndi imene ikuoneka kuti yalunjika kwina. Mu 2021 ku Glasgow inalonjeza kuchepetsa utsi wake ndi theka pofika 2030. Koma mpikisano wa 2026 unakonzedwa kuti ukhale wa matimu 48 m'malo mwa 32, masewero 104 m'malo mwa 64, m'mizinda 16 ya ku America, Canada ndi Mexico, kumene kuchoka ku Vancouver kukafika ku Miami ndi makilomita oposa 4,000. Mabwalo atsopano sanamange, zimenezo n'zoona, koma gulu la asayansi la ku Britain la Scientists for Global Responsibility linayerekeza mu 2025 kuti utsi wake ungapitirire matani 9 miliyoni. Wa 2030 anaupereka ku Morocco, Spain ndi Portugal, ndi masewero atatu ku Uruguay, Argentina ndi Paraguay. Wa 2034 ndi wa Saudi Arabia, ndipo kampani ya mafuta ya dzikolo, Aramco, inalowa m'gulu la othandiza akuluakulu a FIFA mu 2024. Apa sitionjezerapo mawu.

Tibwere pakhomo pathu. Nafenso timasonkhana: chikondwerero cha ufulu pa 6 Julayi, misonkhano ya mipingo ya pa Pasaka, maukwati, mpira wa anyamata athu, madansi woimba akabwera kuchokera kumudzi. Sitidzafika pa mamiliyoni a matani, ndipo tisadzinamize kuti holo yathu ndi imene ipulumutse Chilobwe. Komabe lamulo ndi lomwelo, ndipo mwamwayi zimene zimachepetsa utsi ndi zomwezonso zimachepetsa marandi. Tiyerekeze munthu wochoka ku Pretoria kubwera ku Johannesburg ndi kubwerera, makilomita pafupifupi 120. Akayenda yekha m'galimoto yodya malita 8 pa makilomita 100, watentha malita pafupifupi 10, utsi wake makilogalamu oposa 20. Anthu 15 akadzaza tekisi imodzi, aliyense gawo lake silipitirira makilogalamu atatu. Choncho chinthu choyamba chimene komiti yokonza chikondwerero iyenera kufunsa si mtundu wa mbale kapena makapu, koma malo: kodi holoyi ili pafupi ndi kumene anthu athu ambiri amakhala? Kodi tekisi, basi kapena sitima imafikako? Holo yotchipa imene ili kutali ndi msewu wa matekisi si yotchipa ayi. Mtengo wake wangosamukira m'matumba a obwera.

Chachiwiri ndi chakudya. Apa tikudziwa kuti tiponda pa chilonda, poti kuno tinazolowera nyama yootcha. Kilogalamu ya nyama ya ng'ombe imasiya utsi wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa ya nkhuku, chifukwa ng'ombe ikamabzikula imageya methane, ndipo nyemba ndiye zili pansi kwambiri. Sitikuti tichite phwando la nyemba zokhazokha, tingathawidwe. Koma mphika wa nkhuku ukakula, wa ng'ombe n'kuchepako, palibe amene angabwerere ndi njala. Ndipo chakudya chotsala, chimene pa maukwati athu chimadzaza mabini, chikakaola kudzala chimatulutsanso methane. Kuphika molingana ndi anthu amene atsimikiza kuti abwera, ndi kukhala ndi timabokosi toti anthu atengere zotsala kunyumba, n'kwanzeru kuposa kulemba pa chikwangwani kuti timakonda chilengedwe.

Za ulendo wa kumudzi sitiweruza munthu. Maliro sawerengera mafuta, ndipo amene wakhala zaka zitatu osaona ana ake asamve kutsutsika pokwera ndege. Ndipotu ambirife timadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza pa basi yodzaza, imene utsi wake pa munthu mmodzi ndi wochepa kwambiri kuyerekeza ndi ndege. Tinali osamala chilengedwe kalekale chifukwa cha kuchepa kwa m'thumba. Pamene tingaganizepo kawiri ndi pa misonkhano ya makomiti, pamene anthu asanu akwera ndege kuchoka ku Cape Town ndi Durban kudzakambirana nkhani ya maola awiri imene ikanatheka pa foni.

Kwa inu ophunzira a ku Wits, UJ, Pretoria, UCT ndi makoleji ena, ntchito yowerengera utsi ndi ntchito yeniyeni masiku ano. Pali ndondomeko yodziwika padziko lonse yotchedwa Greenhouse Gas Protocol, imene imagawa utsi patatu: umene watulutsa wekha, wa magetsi amene wagula, ndi wa ena onse amene ayenda kapena kupanga zinthu chifukwa cha iwe. Gawo lachitatuli ndi limene limakhala lalikulu pa zochitika za anthu ambiri, ndipo ndi limene okonza amakonda kuliiwala. Palinso muyezo wa ISO 20121 wa kayendetsedwe ka zochitika zikuluzikulu, umene unatuluka mu 2012 pa nthawi ya Olympics ya ku London. Dziko lino linakhazikitsa msonkho wa kaboni mu 2019, choncho makampani akufuna anthu odziwa masamu amenewa. Kumudzinso, kumene malonda a ziphaso akukula, kukufunika ana a kwathu odziwa kufunsa kuti tani imeneyi mwaiwerenga bwanji, ndipo pa ndalama yake mayi wa mbaula uja walandirapo zingati.

Poyambira pake pali pafupi. Pa chikondwerero chikubwerachi tikupempha ophunzira awiri kapena atatu adzipereke kukhala pa tebulo la pakhomo ndi pepala la mafunso atatu okha: mwachokera dera liti, mwakwera chiyani, munalimo angati? Mayina safunika. Amayi a kukhitchini adzatiuze makilogalamu a nyama, nkhuku, mpunga ndi ufa amene agula, ndi zimene zatsala. Mwini holo angatiwerengere mita ya magetsi poyamba ndi pomaliza, ndipo ngati jenereta idzalira, tidzalembe malita ake. Woimba akadzachokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ulendo wake udzalowenso m'bukumo, tisadzachite za Germany. Zikadzatheka, zotsatira zake tidzazisindikiza patsamba lomwe lino, ndipo komiti ya chaka chamawa idzakhala ndi nambala m'manja posankha holo.